Misitu Yofiira ya M'mbali mwa Msewu

Ndinabwerera m'nyengo imene dziko limakhala litapsa koma mitengo n'kumaphuka. Mvula inali isanaganize n'komwe zobwera. Tchire linali lakuda ndi lupsa, m'mwamba muli utsi wokhawokha, nyenje zikulira ngati zalipidwa. Koma mombo ndi tsamba zinali zitavala masamba atsopano, ofiira ngati khanda la tsiku lomwelo. Kumaiko kumene ndinatchona nyengo yotere anaipatsa dzina lakelake, amaiimbira nyimbo ndi kuilembera mabuku, ndipo ambiri mwa mabukuwo ndinawawerenga m'zipinda zozizira, ndikudikira kuti kwathu kuche. Kuno sitiitchula dzina. Timangoti kwatentha.

Za imfa ya amayi ndinamva mochedwa, kwa munthu wa kwathu amene ndinakumana naye pa siteshoni ya sitima kunjako. Anandipepesa ngati nkhani yakale imene aliyense akuidziwa, ndipo ataona nkhope yanga anayamba kuyang'ana nsapato zake. Kubwera nthawi imeneyo sikunali kotheka. Amene analipo masiku amenewo akudziwa chifukwa chake, ndipo amene kunalibe sangandikhulupirire. Pamene njira inatseguka, imvi zinali zitandipeza kale.

Mwambo wathu ndi wosavuta. Munthu amene maliro anachitika iye kulibe, akabwera, asanamasule katundu, wachibale amene analipo pamaliropo amamutenga kukamuonetsa mtumbira. Amaloza ndi dzanja n'kunena kuti, "Agona apa." Iwe n'kulira, ndiye pamenepo wafika. Wekha kumanda sulowa, angakuyese mfiti kapena wamisala. Ndipo usanalozeredwe, kaya udye, kaya ugone, kaya umange nyumba ya malata, kwanu sunafike. Kunja kuja ndinataya zinthu zambiri za kwathu, zina mwadala, koma ichi chokha chinakana kutayika.

Ndinagula pikapu yakale kwa munthu amene anasangalala kwambiri poigulitsa, n'kulunjika kumudzi. Ndinapeza waya wa minga, mizere ya fodya mpaka kumene maso amalekeza, ndi mlonda atakhala pa chidebe pafupi ndi geti.

"Mukufuna ndani, bwana?"

"Ndikufuna mudzi umene unali pano."

"Aa, mwachedwa pang'ono," anatero, n'kuseka. "Pano midzi sitisunga, timasunga fodya."

Anali wa mudzi woyandikana ndi wathu, umenenso unamezedwa, choncho ankawadziwa anthu anga. Anati malo atalandidwa, amalume anga a Chimkwita anatenga mlongo wawo, ndiye amayi angawo, pamodzi ndi mwana wawo Velina, n'kukwera lole yopita kumaesiteti ena kukakhala matenanti. Amayi anamwalirira komweko, n'kuikidwa pakati pa anthu a eni. Amalume sanachedwe kuwatsatira. Esiteti yake iti, mlondayo sanadziwe. Matenanti amasamuka ngati mbalame za mpunga.

"Nanga Velina?"

"Wa mpata kumano uja? Ameneyo ali moyo. Imfa ingamupeze kuti munthu wosakhala pamodzi?"

Velina anali msuweni wanga. Tili ana tinkatukwanizana tsiku lonse monga asuweni achitira, iye kumanditcha mwamuna wake, ine kumamuuza kuti ndikhoza kukwatira chitsa kusiyana ndi iye. Tsopano mwa anthu onse a padziko anatsala yekha amene akanatha kutukula dzanja n'kunena mawu awiri aja.

Nditabwerera pamsewu ndi pamene ndinaona chimene chinachitikira dziko. Ndinalisiya lili nkhalango, ndinalipeza litametedwa mpala. Mitengo inatsala m'malo amodzi okha: kumanda, kumene nkhwangwa imaopa kulowa. Mudzi uliwonse unali ndi kamsitu kake chapatali, ndipo m'nyengo imeneyi timisitu timeneti timafiira pakati pa dziko lakuda ngati makala amoto. Akufa okha ndiwo anali ndi mthunzi. Ndikuyendetsa ndinkayang'ana kamsitu aka ndi ako, podziwa kuti m'kamodzi mwa ito muli amayi, ndipo tonse tinkandiyang'ananso mofanana.

Ndikudziwa kuti m'zaka zimenezo mvula inkagwa, chifukwa anthu ankakolola ndipo ana ankakula. Koma ine sindiikumbukira. Ndikatsinzina, ulendo wonse ndi nyengo imodzi: fumbi, utsi, masamba ofiira, ndi kamvuluvulu akudutsa msewu patsogolo panga ngati munthu amene watumidwa.

Tayala loyamba linaphulikira m'katauni ka msewu umodzi, kamene kanali ndi matchalitchi ambiri kuposa zitsime. Polowera panali zikwangwani za mabungwe olonjeza madzi, mbewu ndi tsogolo, zonse zitachita dzimbiri, mbuzi zikudzikanda pa mizati yake. Pansi pa mtengo wa mango panali a Kalinde, omata matayala, ndi beseni lawo la madzi akuda. Ndinawafunsa za Velina, mwana wa a Chimkwita, wa mpata kumano, woseka ngati nkhanga.

"Anali pano," anatero osatukula mutu. "Ankagulitsa zitumbuwa pamwala apo. Wachoka masamba asanafiire, ndi mwamuna wina wokhoma zidebe. Inu ndinu ndani wake?"

Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akupala chubu ndi kachitsulo.

"Ndiye inu a Mtchona, mukufuna mkazi kapena manda?"

"Ndikufuna msuweni wanga. Ndiye akudziwa manda."

"Msuweni ndi mkazi ndithu. Mukamupeza mungokwatira. Manda adzakupezani okha, sasochera amenewo."

Chonditengera patsogolo ndinalibe, ndiye ndinakhala nawo ndikugwira ntchito. Anandiphunzitsa kupopa chubu n'kuchimiza m'madzi pang'onopang'ono, kudikira kuti thovu linene pamene pabooka. Kupala malowo, kupaka ulimbo, kudikira kuti uume kaye usanaike chigamba. Tinkamata njinga zonyamula makala, njinga zonyamula odwala, ndi njinga za alaliki. Machubu ena ankabwera ali zigamba zokhazokha, chigamba pamwamba pa chigamba, ndipo tsiku lina mlimi wina anabweretsa chimene a Kalinde anachitembenuza uku ndi uku n'kumubwezera.

"Achimwene, chigamba chimafuna pogwira. Apa mwini wake wa chubu anatha kale, mwatsala ndi alendo okhaokha."

Mlimiyo anakankha njinga yake n'kumapita, thumba la chimanga lili pamwamba. Ine ndinaganiza za dziko lonse, koma sindinanene, chifukwa mtchona akanena zotere amamufunsa kuti nanga inu munali kuti. Masamba atafiiranso ndinatsanzika. A Kalinde anandipatsa chidutswa cha chubu chakale n'kundiuza kuti ndikamupeza Velina ndimuuze kuti zitumbuwa zake zinali zosapsa m'kati.

Ndinatsata wokhoma zidebe uja m'misika. Pena ankati anadutsa, pena ankati okhoma zidebe ndi ambiri. Misewu inali ya dothi lofiira, yokhala ndi mabampu ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Anthu anali m'minda kusosa ndi kugalauza, aliyense akuyang'ana kumwamba kumene kunalibe kanthu. Ndinkanyamula aliyense wondiimika, azimayi a madengu, anthu opita kumaliro, aphunzitsi opita kukafunsa za malipiro awo, koma onse ankakwera kumbuyo. Mpando wa kutsogolo ndinkausungira Velina.

Ndinakafika padambo lina pamene ankaumba njerwa. Mwini ntchitoyo anali a Zagwa, munthu wamfupi, wa mawu aakulu, amene anaona pikapu asanaone ine. Ndinawafunsa za Velina, mwana wa a Chimkwita, wa mpata kumano.

"Anali pano. Ankatiphikira. Wa zidebe uja anamuthawa, anamusiyira nyundo ndi mwana wodwala. Mwanayo tinaika kutsidya uko." Anaweramitsa mutu n'kundionetsa chipsera pamwamba pa khutu. "Ichi ndi cha mthiko wake. Ndinangonena kuti ndiwo zachepa mchere. Ngati ndi m'bale wanu, ndiye galimotoyi igwire ntchito, mulipire magazi anga."

Ndinaphunzira kuponda dothi mpaka lileke kumata kumapazi, kuliponya m'chikombole mwamphamvu kuti ngodya zidzaze, kuyanika, kufunditsa udzu kuti dzuwa lisang'ambe, kenaka kusanja uvuni n'kusiya makomo a moto. Njerwazo zinkapita kutauni kukamanga mipanda. Nyumba zinali zitamangidwa kale. Tsopano anthu ankamanga zoti asaonane. Ntchito yanga yeniyeni inali kututa nkhuni. Ndinkazipeza zitaunjikidwa m'mbali mwa njira, zikuluzikulu, zaziwisi, masamba ofiira akadali kunthambi.

"Nkhuni zimenezi zikuchokera kuti, a Zagwa? Dziko lonseli n'lampala."

"Kwa anthu osamva kuzizira."

Ataona kuti sindikuseka ananditengera pamwamba pa kaphiri kena n'kuloza. Kamsitu kamene pamsewu kankaoneka kathunthu, kuchokera pamwambapo kanali ngati mutu wa dazi: mitengo kuzungulira m'mphepete, pakati pali mbee.

"Timasiya ya kunja, ya ulemu," anatero a Zagwa. "Wodutsa pamsewu aziti mwambo ulipo."

"Nanga mitumbira?"

"Mtengo ukamagwa susankha pogwera. Zotsala mvula imasalaza. Musandiyang'ane choncho, a Mtchona. Amene amatigulitsa ndi eni ake a manda, ana awo akufuna yunifolomu. Inu munatibweretsera nkhuni zina kuchokera kunjako?"

Ndinachoka tsiku lomwelo. Kufikira pamenepo ndinkayenda ngati munthu amene akufa adzamudikira. Tsopano kamsitu kalikonse kofiira kankandichititsa mantha, chifukwa sindinkadziwa ngati kali ndi m'kati.

Panali nyengo ina imene ndinayenda mothamanga, osaphunzira kanthu. Matauni anayamba kufanana: chigayo, sitolo yotseka, malo omwera mowa otsegula, munthu wa chimkuzamawu akulonjeza machiritso. Kawiri kapena katatu ndinaima pansi pa mtengo wa mango pamene panali munthu womata matayala ndi beseni la madzi akuda, ndipo ndinkalephera kudziwa ngati ndi a Kalinde atakalamba kapena munthu wina. Mmodzi wa iwo anandifunsa osatukula mutu, "Mwamupeza?" Ndisanayankhe anali atamiza kale chubu m'madzi.

Kumene ndinakhalitsa ndi tauni ya mabokosi. Msewu wake waukulu unali wa akalipentala, ndipo onse anali atasiya mipando ndi mabedi n'kuyamba kukhoma za maliro, poti ndi katundu yekha amene wogula sanenerera nthawi yaitali. Kumapeto kwa msewuwo kunali mayi Nangondo, mkazi wamasiye woumba ziliza, wamtali, wa manja okhakhala ndi simenti. Ndinawafunsa za Velina, wa mpata kumano.

"Anali pano. Ankanditungira madzi. Ananena kuti ntchito ya manda imamulotetsa zoipa, n'kupita." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mumatha kulemba mowongoka?"

Ndinaphunzira kusakaniza simenti, mchenga ndi timiyala, kuthira m'chikombole cha matabwa, kusalaza ndi supuni ya amisiri, n'kulemba dzina ndi msomali simenti isanaume. Ukachedwa msomali sulowa, ukafulumira zilembo zimatsekeka. Anthu ankabwera ndi mayina a abale awo amene anawamana phala ali moyo, n'kumafuna kuti ndilembe kuti anali mzati wa banja. Ndinkalemba. Ndinali nditawerenga mabodza okongola ambiri, ndipo dzanja langa linali labwino.

Sindidziwa kuti zinayamba liti, koma ndinazindikira kuti malaya anga akuyanikidwa pa chingwe chimodzi ndi nsalu za mayi Nangondo. Anali munthu wosafunsa zambiri. Kumadzulo tinkakhala pa chiliza chimene mwini wake sanabwere kudzatenga, n'kumamwa tiyi, akalipentala akusesa zipalapala za matabwa. Inali nyumba, ndipo ndikanatha kuitcha choncho ndikanakhala munthu amene anafika.

Tsiku lina ndinaumba chiliza cha amayi. Ndinalemba dzina lawo, Nazimbiri, popanda za mzati kapena nyali. Mayi Nangondo anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno.

"Chaoneka bwino. Mukaika pati?"

"Velina akandilozera."

"Velina, Velina. Bambo inu, ndaumba ziliza zaka zonsezi, sindinaonepo wakufa atabwera kudzaona ngati tinalemba bwino. Amoyo tili pano. Madenga akufuna kukonza mvula isanabwere."

"Ndikapeza ndidzabwera."

"Musadzabwere. Ndinaika kale mwamuna mmodzi, koma uyo ndikudziwa pamene ali."

Anandithandiza okha kukweza chilizacho m'pikapu, n'kulowa m'nyumba injini isanalire.

Chilizacho chinali cholemera kuposa galimotoyo. Pamtunda uliwonse injini inkatsokomola, zitsulo za pansi zinkalira, ndipo pa mtsinje wina wouma, pamene mlatho unakokoloka kalekale, matayala anatitimira mumchenga. Amuna amene anabwera kudzakankha anati sankhani, bwana, mwala kapena galimoto. Tinachitsitsa n'kuchigoneka chafufumimba pagombe, ine ndikunena kuti ndidzachitenga pobwera. Nyengo ina nditadutsanso pamenepo ndinapeza azimayi akuchapirapo zovala ndi madzi a m'chitsime cha mumchenga. Anati ndi mwala wabwino kwambiri, sung'amba nsalu. Ndinawasiyira.

Velina ndinamupeza nditasiya kufunsa za mpata wa kumano. Ndinaima pachigayo china kuti ndipemphe madzi othira mu injini. Panja pake panali azimayi osesa ufa wotayika ndi kupeta gaga woti akagulitse kwa oweta nkhumba, onse oyera mbuu kuyambira kumutu, ngati anthu amene adzuka m'phulusa. Mmodzi anaseka nthabwala ya mnzake, ndipo kusekako kunali kwa nkhanga. Mpata uja unali utakula mpaka kutenga m'kamwa monse.

"Velina."

Anatembenuka, n'kuphimba maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaponya lichero pansi.

"Ee! Amayi inu, taonani! Mwamuna wanga uja ndinkakuuzani kuti anapita kukandigulira nsalu, si uyu? Nsalu yanga ili kuti, galu iwe?"

"Masitolo anali otseka."

"Zaka zonsezi? Taona mmene wakalambira, ngati chikwama cha sing'anga. Kunjako sankakupatsa chakudya?"

"Nanga iwe mano unagulitsa?"

"Ndinatafunira mavuto, anatha. Ako ndi enieni amenewo, kapena unabwereka kwa azungu?"

Azimayi aja anaseka mpaka kugwirana. Iye anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, osalisiya, ufa wake n'kundipaka mpaka m'chigongono. Ndinamuuza za a Kalinde ndi zitumbuwa zosapsa, za chipsera cha a Zagwa, ndipo anati Zagwayo anachita mwayi kuti m'manja munali mthiko, osati nyundo. Kenaka ndinamuuza chimene ndinadzera. Kuseka kunatha.

"Ndinadziwa," anatero. "Amoyo simutifunafuna inu." Anatola lichero n'kupatsira mnzake. "Undisungire malo, Nasiwelo. Ndikaperekeze mwamuna wangayu kwa apongozi anga."

Anakhala pa mpando wa kutsogolo miyendo atapinda, akugwira chitseko chimene chinali chomanga ndi waya. Sikunali kutali. Ndinali nditadutsa njira imeneyo kangapo. M'njira anandiuza kuti amayi anadwala chifuwa m'nyengo yosankha fodya, m'kanyumba ka udzu kuseri kwa chigafa, ndipo sanavutike nthawi yaitali.

"Usandifunse ngati anakutchula. Ankatchula mbuzi zawo zimene anasiya kumudzi, iliyonse ndi dzina lake. Mwina iwe unali m'gulu lomwelo."

Esitetiyo inali itafa. Zigafa zinali zitagwa, m'minda muli anthu ena akugalauza. Tinakapempha kwa eni mudzi, ndipo anati pitani, alendo a fodya ankaikidwa chakumadzulo, koma amene ankadziwa za iwo palibenso. Ndinaimika galimoto pamene njira inathera. Kamsituko kanali kofiira mpaka kuwawitsa maso, ndipo nditasuzumira pakati pa mitengo ndinaona mdima, mitengo ina kuseri kwa inzake. Kanali ndi m'kati. 

Velina anatsogola. Atafika m'mphepete, pansi pa msuku waukulu, anavula nsapato zake za pulasitiki, n'kukhala pansi, n'kutambasula miyendo.

"Ine ndinakhala apa," anatero. "Mutu ndinatsamira pamtengo uwu. Mayi wina wa ku chigafa anandigwira uku, wina uku."

"Tiye tilowe."

"Tikalowe ndikaloze chiyani?"

Nyenje zinkalira pamwamba pathu. Iye ankayang'ana mapazi ake.

"Akazi tinatsala pano, iwe. Kuno ndi mmene ankachitira. Analowa nawo ndi amuna, atawakulunga mumphasa. Ine ndinafunda chitenje kumutu, ndinangomva makasu. Wachibale amene anaima pa dzenje ndi bambo anga okha. Adzukulu okumba anali matenanti anzathu, uyu wa boma ili, uyu wa boma lina. Lole imene inawabweretsa inawamwazanso. M'mawa mwake tikanabwera kudzaona, koma kapitawo anatiitana kuchigafa, fodya anali atafewa. Ndinkati tsiku lina bambo adzandionetsa." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndimayesa ukufuna ndikuonetse msitu. Msitu ndi uwu."

Ndinkazidziwa zimenezi. Ndili mnyamata ndinaperekeza maliro ambiri, ndipo ndinkaona akazi akutsalira kumphepete, mitu itafundidwa. Zaka zonsezi ndinkangonena mumtima kuti Velina analipo, Velina analipo, osadzifunsa kuti analipo pati.

Ndinakhala pansi pambali pake. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa msuku unasuntha kuchoka pa mapazi athu.

"Ukufuna ndikunamize?" anafunsa motsitsa mawu. "Pachisuweni bodza si mlandu. Ndakunamiza kuyambira uli wosavala."

Ndinaganiza za mabodza onse amene ndinalemba ndi msomali, ndi mmene eni ake ankapitira kwawo mitima itakhala pansi.

"Ndinamize, Velina."

Anadzuka, n'kumanga chitenje mwamphamvu, ndipo tinalowa. M'katimo munali mozizira. Chakum'mawa kunali ziliza za eni mudzi, zina zopaka laimu. Chakumadzulo kunalibe dzina ngakhale limodzi: timitumbira tophwa, tambirimbiri, tina tongodziwika ndi mbale yobooka kapena chigubu chosweka, tina tosasiyana ndi dothi wamba, tonse titakutidwa ndi masamba a zaka zakale. Velina anayenda pakati pawo pang'onopang'ono, ine pambuyo. Anaima pa kamodzi, n'kupitirira. Anaima pa kena kamene kanali pansi pa mombo, pamalo abwino, oti munthu angawasankhire mayi ake. Anakonza kukhosi. Anatukula dzanja, ufa ukuoneka m'mizere ya chikhatho, chala chitaloza pansi. Ine mpweya ndinaugwira, misozi ili chire, yongodikira mawu.

Dzanjalo linakhala m'mwamba. Kenaka linatsika.

"Ayi," anatero. "Iweyo ndingakunamize mpaka dzuwa kulowa. Koma azakhali anga ayi. Uziti ukulira mayi wa eni, iwo ali chapafupi pompano akumva? Ndikadzapita kumeneko adzandifunsa kuti mwana wanga unam'pereka kwa mkazi uti, ndidzati chiyani?"

Sindinamukakamize. Tinaima pakati pa timitumbirato, ndikuyang'ana aka ndi ako, kusamala poponda. Kenaka anandikoka malaya, n'kutuluka.

Tinayamba ulendo wobwerera. Anati ndiyendetse msanga, gaga wa kumadzulo ndiye amakhala wambiri, ndipo Nasiwelo ndi wabwino koma ali ndi ana. Pachigayo anavutika kumasula waya wa chitseko, n'kutukwana galimotoyo ndi amene anaipanga. Atatsika anazungulira kubwera kumbali yanga n'kuika chigongono pa zenera.

"Tsopano upita kuti?"

Ndinayang'ana msewu. Kutsogolo kunali fumbi, ndi kamsitu kena kofiira chapatali.

"Chabwino," anatero. "Ukamadutsa uziliza hutala. Ndiziwauza anzangawa kuti mwamuna wanga akadafunafuna nsalu ija."

Anamenya denga la galimoto kawiri ndi chikhatho n'kumapita kwa anzake. Ndinaliza hutala, koma chigayo chinali chitayamba kale kulira, ndipo sanacheuke.